Njinga Imodzi, Zipata Zitatu

Kalekale, njinga isanakhale chinthu cha aliyense, kunali dziko lina lalikulu la zigawo zisanu ndi ziwiri. Chigawo chilichonse chinali ndi bwanamkubwa wake, bwalo lake la milandu ndi alonda ake. Koma thumba lalikulu la dziko lonse linali ku Likulu, ndipo anthu a ku Likuluwo ankalimanga mfundo yoti pomasula pankafunika mano.

Chigawo cha kum'mawa kwenikweni chinkatchedwa Nkhadze, chifukwa malire ake ndi dziko loyandikana nalo anali mpanda wa mitengo ya nkhadze, wothithikana, wosaoneka kothera. Nkhadze mukuidziwa inu. Utomoni wake ukagwera m'diso, munthu amaitana amake ngakhale ali ndi imvi. Choncho panalibe woyerekeza kubowola mpandawo. Wofuna kupita ku dziko linalo, limene anthu ankangolitcha kuti Kuseri, ankadzera pa chimodzi mwa zipata zitatu. Lamulo linkati munthu asatuluke kapena kulowa popanda chiphaso, ndipo chiphasocho ankadinda ku Likulu, ulendo wa masiku asanu ndi limodzi wapansi.

Chaka ndi chaka bwanamkubwa wa Nkhadze ankalembera Likulu kuti, "Malire ndi a dziko lonse, koma thukuta ndi lathu tokha. Tithandizeni." Likulu linkayankha kuti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Malirewo ali pakhomo panu." Makalata anayenda choncho mpaka chaka china Likulu linatopa nalo phokoso, n'kugonja. Koma kunali kugonja kwa munthu woumira. Linati lidzathandiza chipata chimodzi chokha, cha mlonda amene amatseka malire kuposa anzake. Ameneyo adzalandira njinga yatsopano yoyendera mpanda, ndipo malipiro ake azidzachokera ku Likulu. Pa zipata ziwiri zotsalazo padzadzalidwa nkhadze, alonda ake akagwire khasu.

Wokasankha mlondayo anali mlembi wina dzina lake Zakeyu Mtunduwatha. Anali wobadwira m'tauni, wokulira m'tauni, ndipo anzake ankamunena kuti ngakhale posamba savula tayi. Sanali munthu woipa ayi. Kungoti ankakhulupirira pepala kuposa maso ake. Anamupatsa njinga ili m'mapepala ake a kusitolo, chidindo, ndi kalata yokhala ndi mzere umodzi wosalembapo kanthu. Pamzere pamenepo pankafunika dzina limodzi basi.

Tsono alonda a zipata zitatuzo anali a bere limodzi: Gwaza, Pindani, ndi mlongo wawo Velenasi.

Gwaza, mwana wachisamba, ankalonda chipata cha kumpoto, podzera amalonda a mchere ndi nsalu. Chiyambire ntchito anali asanalandirepo ngakhale mtedza umodzi kwa munthu wodutsa. Anadzimangira yekha nsanja yaitali kuti aziona Kuseri, ndipo m'khosi mwake simunkachoka lipenga la nyanga. Tsiku limene lamulo la ziphaso linafika, munthu woyamba amene iye anamutulutsa m'dziko anali mlamu wake weniweni.

Pindani ankalonda chipata chapakati. Pamene makolo ankadzala mpanda, manda a mudzi wa pamalirepo anatsalira Kuseri, ndipo amayi awo a alondawa ankagona komweko. Chifukwa cha ichi chigawo chinaika kalamulo kake koti wopita kumaliro asafunsidwe chiphaso. Ndiye pachipata cha Pindani pankadutsa maliro tsiku ndi tsiku. Olira ena ankanyamula nkhuku, ena matumba a mtedza, wina anadutsapo akukusa nkhumba. Pindani ankangowavulira chipewa onsewo.

Velenasi ankalonda chipata cha kummwera. Mwamuna wake Dausi, wobadwira Kuseri, sing'anga wa mbuzi, ndiye mlamu uja anatulutsidwa ndi Gwaza, atakhala pachikamwini zaka khumi ndi chimodzi. Velenasi sanaswe lamulo. Dausi anangogubuduza mwala waukulu n'kuuika kunja kwa chipata, ndipo masana alionse ankabwera kudzakhalapo. Mkazi mbali ino, mwamuna mbali iyo, mbale ya futali pakati. Ankacheza, kukangana ndi kugwirizananso monga amachitira mabanja onse.

Mtunduwatha anafika pa galimoto ya makalata m'mawa wina wa mwezi wa Okutobala. Sanadziulule kwa aliyense. M'mutu mwake munali nzeru imene iye ankaiona ngati yakuya zedi: adziyese munthu wamba wopanda chiphaso, aone amene amugwire. Anakankhira njinga m'kanyumba ka boma kamene kanali pakati pa mudzi, naikamo chikwama chake, chidindo, kalata ndi chiphaso chake chomwe. Anatseka ndi loko, kiyi naponya m'thumba la jekete. Ankayesa kuti palibe wamuona. Iye sankadziwa kuti kumudzi ngakhale nkhuku zimaona.

Anayamba ndi chipata chapakati. Anapeza Pindani atakhala pamthunzi, akusoka nsapato ya mphira.

"Akulu, ulendo wa kuti?" anafunsa Pindani.

"Kumaliro."

Pindani anavula chipewa. "Pepani, pepani. Ndani watisiya?"

"Azakhali."

"Ha, dziko ili! Pitani bwino. Koma musapite chouma chonchi, dzuwali si lamasewera. Imwani kaye kathobwa aka."

Mtunduwatha anakana. Woyesa anthu sadya za amene akuwayesa. Anatuluka m'dziko mosavuta ngati akutuluka m'bafa, ndipo mumtima anati, "Uyu ndiye ayi. Uyu si mlonda, ndi chitseko chopanda mpiringidzo."

Anayenda chakumpoto m'mbali mwa mpanda, mbali ya Kuseri, kufikira anafika pachipata cha Gwaza dzuwa lili paliwombo. Asanaponde n'komwe pamzere, mawu anamugwera kuchokera pansanja.

"Imani pomwepo, bambo! Chiphaso."

"Ndaiwala kunyumba."

"Kachitengeni."

"Kunyumbako ndi mkati umo."

"Ndiye mukatume munthu."

Mtunduwatha anatulutsa kandalama, nakagwira moti kanyezimire. Gwaza anatsika pansanja, nkhope ili gwa.

"Bwezani m'thumba musanandichimwitse."

"Chabwino, akulu. Nanga madzi akumwa okha?"

"Mtsuko uli mbali ino, inu muli mbali iyo. Akadutsa madzi lero, mawa adutsa ndi munthu. Bwererani kumene mwachokera."

Mtunduwatha anabwerera mtima uli mbee ndi chimwemwe. Mlonda ndi ameneyu! Dzina la pamzere uja linali litapezeka. Anangotsala ndi kukayesa mayi wa kummwera uja kuti ntchito ioneke kuti yagwirika. Koma chimwemwe sichithetsa ludzu. Kukhosi kunali kutauma, m'mimba mukulira, ndipo nsapato za ku ofesi zinali zitayamba kumuluma zidendene.

Njira inadzera m'munda waukulu wa chinangwa. Tsono apa ndi pamene pali nkhani. Anthu a Kuseri ankadzala chinangwa chowawa m'mbali monse mwa malire, dala, kuti nguluwe ndi anthu apaulendo asamazule. Chinangwa chimenechi sachidya chachiwisi. Amachiviika m'madzi masiku angapo kuti ululu uchoke, n'kuchiyanika, n'kusinja. Kumeneko aliyense ankachizindikira ndi tsinde lokha. Koma Mtunduwatha chinangwa ankachidziwira pa depoti ya basi, chosenda kale, chothira mchere. Kwa iye chinangwa chinali chinangwa.

Anayang'ana uku ndi uku, nazula. Analuma koyamba, nkhope inakwinyika. Anati mwina ndi khungu. Anasenda bwino ndi mano, nalumanso. Chinawawabe, koma chinali ndi madzi, ndipo iye anali munthu wosakonda kusiya ntchito pakati. Anamaliza mizu itatu yathunthu, makoko naika m'thumba kuti mwini munda asaone. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Sanayende mtunda wautali. Mutu unayamba kulemera, mpanda wa nkhadze unayamba kuvina, miyendo inasanduka ya munthu wina. Anagwa pakati pa mitumbira, chinangwa n'kumuphimba. Apo mpamene Mtunduwatha anachita mantha enieni, mantha ozizira. Anaona kuti akufera m'dziko la eni, wopanda chiphaso, wopanda womudziwa, m'thumba muli makoko a chinangwa chakuba. Anayesa kufuula, koma mawu anakana. Chomaliza kumva chinali lipenga likulira kutali.

Zotsatirazi anachita kuuzidwa.

Gwaza anali ndi chizolowezi. Munthu amene wamubweza ankamuperekeza ndi maso kufikira msana wake utasowa, kuopa kuti angazembere pena. Ndiye chibwerereni Mtunduwatha, Gwaza anali pansanja, dzanja lili pachipumi. Anamuona akulowa m'munda, anamuona akuwerama, anamuona akudzandira, anamuona akugwa. Anaika lipenga pakamwa naliza katatu katatu, kulira kwake kwa munthu akagwa. Kuchokera pachipata chake kukafika pamene panali munthuyo sipanali patali. Koma lamulo linkati mlonda asaponde Kuseri, ndipo Gwaza sanaponde. Anangoima pansanjapo, dzanja limodzi likuloza, linalo litagwira lipenga, naliza osaleka mpaka milomo inang'ambika.

Pindani atamva lipengalo anataya nsapato imene ankasoka, nadutsa pachipata chake ali chothamanga, osaganizako za lamulo. Mundawo unali waukulu, ndipo munthu wogona pansi sankaoneka. Akanafufuza mpaka dzuwa kulowa. Koma ankati akasokera, lipenga linkalira mokalipa; akalunjika, linkalira mofatsa; ndipo akatukula maso ankaona dzanja la mkulu wake likuloza. Anamupeza, namuzindikira.

"Ha! Ndi a kumaliro aja! Akulu, mwafuna mutsatire azakhali?"

Anamubereka kumsana. Mtunduwatha sanali munthu wochepa thupi, poti mipando ya ku Likulu imanenepetsa. Pindani anagwa naye kawiri, nadzuka naye kawiri, mpaka anamulowetsa m'dziko, wopanda chiphaso, namugoneka pakhonde pa kanyumba ka boma.

Velenasi nayenso anamva lipenga, nasiya chipata chake pululu, nathamangira kumudzi. Anapeza anthu atazungulira mlendoyo, wina akuti ndi khunyu, wina akuti ndi njoka, wina akuti waponda mankhwala. Iye anagwada, nanunkhiza pakamwa pake, napisa dzanja m'thumba lina la jekete. Anatulutsa makoko.

"Mayo ine! Munthuyu wadya chowawa. Amene angamudzutse ndi a Dausi okha."

"A Dausi lero sali pamwala," anatero Pindani akupuma wefuwefu. "Apita kwa Chimbalame, Kuseri uko, kukaona mbuzi. Wapansi mukafika munthuyu atazizira."

Velenasi anayang'ana chitseko cha kanyumba. M'mawa uja anali ataona mlendo akukankhiramo chinthu cha matayala awiri. Sanafunse munthu. Anatenga nkhwangwa ya mayi wina amene ankachokera ku nkhuni, namenya loko kamodzi kokha. Anang'amba mapepala a kusitolo, namanga chitenje chake ngati thewera, nakwera. Njinga ya Likulu, isanaponde n'komwe fumbi la dziko lake, inatuluka pachipata cha kummwera belu likulira, n'kulowa Kuseri. Inabwerera mithunzi isanatalike, Velenasi akupalasa, pa kaliyala pali Dausi, munthu woletsedwa kulowa m'dziko, atakumbatira botolo lake lomwetsera mbuzi.

Dausi anatsika, nayang'ana wodwalayo m'maso, namutsina khutu.

"Mbuzi zodya chowawa ndadzutsapo zambirimbiri," anatero. "Koma ya nsapato ndi yoyamba. Alamu, igwireni miyendo. Mayi, itsekuleni kukamwa."

Zimene zinali m'botolomo musandifunse, poti Dausi sankaulula ngakhale kwa mkazi wake. Chimene ndikudziwa n'chakuti Mtunduwatha anasanza mpaka anthu anabwerera m'mbuyo, nkhuku n'kubwera kutsogolo. Anamumwetsanso, nasanzanso. Dzuwa litapendeka anatsekula maso, naona nkhope zachilendo zitamuweramira.

"Ndili kuti?"

"Muli kuno kwathu," anatero Pindani. "Maliro aja mwayenda bwanji?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Mtunduwatha anatembenuza mutu, naona chitseko chili chotsekula, loko ali pansi, njinga itatsamira khoma, yofiira ndi fumbi la Kuseri. Anapisa dzanja m'thumba linalo, natulutsa kiyi.

"Kiyi anali pompano," anatero ndi mawu ofooka.

"Mukananena, bambo," anayankha Velenasi. "Koma munali otanganidwa ndi kufa."

Pamenepo Gwaza anatulukira, poti nthawi yake yolonda inali itakwana. Milomo yake inali yotupa. Anayang'ana wodwala, nayang'ana Dausi, nayang'ana njinga.

"Pano pali milandu itatu," anatero. "Uyu walowa wopanda chiphaso. Alamu, inu ndinakutulutsani kale. Ndipo njinga iyi yatuluka ndi kulowa osaonekera kwa mlonda."

"Achimwene, munthu angodzuka kumene," anatero Velenasi.

"Ndaona, ndipo ndakondwa. Koma mlandu suola."

Mtunduwatha anapempha kuti amutengere chikwama chake m'kanyumbamo. Anatulutsa chiphaso, chidindo ndi kalata, ndipo anawerenga kalatayo mokweza. Atamaliza, Pindani anavula chipewa, kenaka anachivalanso, osadziwa choti achite nacho.

M'mawa mwake Mtunduwatha anadzuka ali bwino, kungoti miyendo inali yolobodoka. Galimoto ya makalata inkayenera kudutsa masana, ndipo kalata inkayenera kubwerera nayo, dzina litalembedwa, chidindo chitadindidwa. Anatulutsa tebulo pakhonde, nakhala. Mudzi wonse unabwera. Dausi anakhala patali pang'ono, poti Gwaza anamulola kugona m'dziko tsiku limodzi lokha ngati mboni. Mtunduwatha anati aliyense wa atatuwo alankhule.

Gwaza anaima chilili ngati msilikali. "Bwana, kalata ikufuna wotseka malire. Ndinakubwezani, ndalama yanu ndinakana, mzere sindinaponde. Ndipo chifukwa choti sindikhulupirira munthu, maso anga sanakusiyeni. Ndikanakhala wachifundo ngati ena, ndikanatsika kukagona pamthunzi, inu mukanapezeka ndi makhwangwala. Musayese kuti pansanja paja ndinali pa mtendere. Miyendo inkafuna kupita. Koma ndikadutsa ine, mpandawu wagwa wonse."

"Achimwene anena zoona," anatero Pindani. "Koma lipenga silibereka munthu. Akanakupatsani madzi aja, bwana, chinangwa simukanachiyang'ana n'komwe. Ine ndinakupatsani thobwa, munakana nokha. Msana wanga uwu mpaka pano ukundikumbutsa kuti ku Likulu mumadya bwino. Njingayo sindiilimbira. Koma mukatseka chipata changa, akufa athu tizikawaika kuti? Amayi athu ali kuseri uko."

Velenasi analankhula atakhala pansi, manja ali pamiyendo. "Wina anakuonani, wina anakunyamulani. Zikanathera pomwepo, bwana, bwenzi lero tikukumba, ndipo bwenzi mukudutsa pachipata cha achimwene a Pindani, ulendo uno maliro ake enieni. Loko ndinathyola, chipata ndinachisiya, njinga ya boma ndinapita nayo kunja, munthu woletsedwa ndinamulowetsa. Zonsezo ndikuvomera. Zitachitikanso mawa, ndingachitenso."

Mtunduwatha anayang'ana Dausi. "Nanga inu, bambo, mulibe mawu?"

"Ine ndine mlendo, bwana, ndipo mlendo ndi mame. Dzina langa silingakwane pamzere wanuwo. Ndikungofunsa chimodzi. Pakamera nkhadze pachipata cha mayi awa, mwala wanga uja ndikauike pati?"

Velenasi anayang'ana kumbali, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Mtunduwatha anayesa njira zonse za munthu wa mapepala. Anawerenganso kalata kuti mwina pali mpata wa maina atatu, koma mzere unali umodzi, ndipo mawu oti "chipata chimodzi" anali odulidwa mzere kunsi. Anafunsa ngati abalewo angabwerekane njinga. Iwo anati njinga angabwerekane, koma chipata sabwerekana. Anaganiza zobwerera osalemba kanthu, koma Likulu ankalidziwa bwino: likanangobweza njinga m'nyumba yosungira katundu, n'kutuma anthu odzatseka zipata zonse zitatu.

Anatsekula cholembera. Dzulo lake masana dzina linali lokonzeka, ndipo mpaka pano kalata inkaloza dzina lomwelo. Akalemba Gwaza, ku Likulu palibe adzafunse funso. Koma ndiye kuti wadzala nkhadze pamaso pa munthu amene anamubereka kumsana, ndipo walekanitsa mayi amene anamupalasira njinga ndi mwamuna amene anamudzutsa. Akalemba Pindani kapena Velenasi, ndiye kuti wapereka mphotho ya kutseka malire kwa wotsekula malire, ndipo wachotsa ntchito munthu yekhayo amene anachita zimene Likulu linalamula, munthu amenenso popanda maso ake sipakanapezeka womunyamula kapena womuchiritsa. Komanso akuluakulu adzafuna kudziwa chifukwa chake, ndipo chifukwacho chili ndi mlembi wa boma wonamizira maliro, woonetsa kandalama kwa mlonda, wakuba chinangwa m'dziko la eni.

Anachita manyazi, anachitanso chisoni, chifukwa onse atatuwo anali atawakonda. Anayang'ana milomo yotupa ya Gwaza. Anayang'ana Pindani akudzisisita msana. Anayang'ana Velenasi, amene maso ake anali kwa Dausi. Kutali kunaoneka fumbi, ndipo posakhalitsa kunamveka kulira kwa galimoto ya makalata ikukwera chitunda.

Ine nkhani yanga ndaitula pamenepa, cholembera chili m'mwamba, galimoto ili pafupi. Tsono inu amene mwamva zonsezi, khalani pampando wa Mtunduwatha, mugwire cholembera chake. Mzere ndi umodzi, ndipo zipata ziwiri zimera nkhadze. Mulemba yani: Gwaza amene anatseka malire n'kuona, Pindani amene anadumpha malire n'kunyamula, kapena Velenasi amene anatsekula malire n'kubweretsa wochiritsa?